Bata la ku Fish Hoek ndi amene amalilipira

Mukakwera sitima pakati pa mzinda wa Cape Town kulowera kummwera, njanji imadutsa Observatory, Rondebosch ndi Wynberg isanafike kunyanja. Ikafika pa Muizenberg imayamba kutsata gombe, moti tsiku la mafunde aakulu madzi amatha kuwaza pamawindo. Mumadutsa St James, kenako Kalk Bay kumene alendo amapanikizana m'malesitilanti ndi padoko la asodzi. Mukangozungulira phiri, chigwa chimatseguka: mchenga woyera wotalika kupitirira kilomita, nyumba zokwera m'mapiri mbali zonse ziwiri, ndi msewu wa masitolo umene palibe angaujambule kuti akaonetse kwawo. Pamenepa ndiye pa Fish Hoek, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera m'tauni.

Alendo ambiri satsikapo. Mabasi awo amangodutsa kupita ku Simon's Town kukaona mbalame za penguin pa Boulders, kapena ku Cape Point. Eni dera sadandaula nazo. Fish Hoek imadziwika ngati malo a agogo opuma pantchito, mabanja a ana aang'ono ndi matchalitchi, malo amene ikamakwana 9 koloko usiku mumsewu mumakhala zii. Anthu a madera ena a mzindawu amaiseka kuti imagona ndi nkhuku. Koma m'mzinda wolandira alendo ochuluka chotere, momwe gombe lililonse labwino ndi ndalama, zimatheka bwanji kuti dera loyang'anizana ndi nyanja likhale chete? Bata limeneli lili ndi mbiri yake, malamulo ake ndi mtengo wake, ndipo Amalawi ambiri okhala ku Cape Town amalidziwa bwino, ngakhale kuti ochuluka amalilowera pakhomo lakuseri.

Tiyambe ndi mowa, chifukwa ndi umene eni dera amakonda kuyamba nawo. Mu 1818 bwanamkubwa wa Cape, Lord Charles Somerset, adapereka malowa kwa Andries Bruins ndi mfundo ziwiri: pasakhale nyumba yogulitsiramo mowa, ndipo usodzi pagombepo ukhale wa aliyense. Anthu amati cholinga chinali chakuti oyendetsa ngolo zopita kudoko la asilikali a pamadzi ku Simon's Town asamaledzere panjira. Njanji idadutsa m'chigwachi mu 1890, ndipo malowa atagawidwa m'mapuloti nkuyamba kugulitsidwa mu 1918, nkhani ya mowa idapitirira. Okhalamo adaigwira mfundoyi ngati chuma chawo, nkumalimbana ndi aliyense wopempha laisensi ya mowa kwa zaka makumimakumi. Malesitilanti ndi mabala adayamba kuloledwa m'zaka za m'ma 1990, koma nkhani ya sitolo yogulitsa mowa wotenga idakhala ikuutsa mkangano zaka zambiri pambuyo pake.

Zotsatira zake nzosavuta kuziona. Wamalonda wofuna kumanga hotela yaikulu kapena malo ovinira usiku sakanaika ndalama zake pamalo pamene sankaloledwa kugulitsa botolo. Ndalama za zisangalalo zidapita ku Muizenberg, ku Sea Point ndi ku Camps Bay, ndipo Fish Hoek idatsala ndi anthu ofuna kugona bwino. Mfundo yachiwiri ija ya usodzi nayo idakalipo mwa njira yake. Nyengo yotentha mumaonabe asodzi a khoka: mmodzi amakhala pamwamba paphiri kuyang'ana mtundu wa madzi, akaona gulu la nsomba amapereka chizindikiro, anzake amapalasa bwato kuzungulira nsombazo, kenako onse amakokera khoka kumtunda. Tsiku logwira nsomba za yellowtail gombe lonse limasonkhana, ngakhale agogo oyendera ndodo.

Mbiri ya mowayi ndi yokoma kuifotokoza patebulo. Pali ina yowawa, ya tsankho, ndipo ndi imene idaumba chigwachi kwambiri. Lamulo la Group Areas Act la 1950 lidapatsa boma la tsankho mphamvu yogawa malo okhala potsata khungu, ndipo la Separate Amenities Act la 1953 lidagawanso magombe, mabenchi ndi zimbudzi. Fish Hoek idali ya azungu. Mu 1965 anthu akuda a ku Luyolo, ku Simon's Town, adasamutsidwira ku Gugulethu, dera la anthu akuda lakutali ndi kuno. Mu 1967 Simon's Town yonse idalengezedwa kuti ndi ya azungu, ndipo mabanja a makaladi amene makolo awo adakhala kumeneko mibadwomibadwo adanyamulidwa kupita ku Ocean View, dera limene lidatsegulidwa mu 1968 kuseri kwa mapiri, kutali ndi doko ndi sitima. Asodzi a ku Kalk Bay adakana kusamuka ndipo ambiri adatsala. Magombe adatsegulidwa kwa onse kumapeto kwa 1989, ndipo lamulo logawa malo a onse lidathetsedwa mu 1990.

Koma nyumba za azungu zinkafunabe wochapa, wophika, wolera ana ndi wosamalira maluwa. Kuchokera ku Gugulethu kapena ku Khayelitsha ndi ulendo wautali ndi wodula, ndiye m'zaka za m'ma 1980 anthu adayamba kumanga zisakasa m'tchire pakati pa Fish Hoek ndi Kommetjie. Apolisi ankawagwetsera, iwo nkubwereranso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma lidagonja nkupatula malo otchedwa Site 5, amene lero ndi Masiphumelele, kapena kuti Masi. Malo adapatulidwira mabanja ochepa, koma lero anthu adadzaza mpaka kumanga m'dambo momwe madzi amalowa m'nyumba mvula ikagwa. Nyumba zimagundana malata, ndipo moto ukabuka tsiku la mphepo palibe angauletse: wa pa 17 Disembala 2020 udapsereza nyumba zopitirira 1,000 tsiku limodzi. Kumeneku ndi kumene kumakhala Amalawi ambiri ogwira ntchito m'chigwachi, pamodzi ndi Axhosa, Azimbabwe ndi ena. Enanso amachokera ku Capricorn ndi Vrygrond, pafupi ndi Muizenberg.

Ndiye mukafuna kumvetsa Fish Hoek, imani pa Kommetjie Road m'mamawa. Galimoto za eni nyumba zikutuluka m'chigwa kupita kumaofesi, pamene mateksi, njinga ndi oyenda pansi akulowa kuchokera ku Masi ndi ku Ocean View. Madzulo mtsinjewo umatembenuka. Udzu wodulidwa bwino, mipanda yopakidwa penti, mabini otulutsidwa pa tsiku lake, agogo osambitsidwa ndi kumwetsedwa mankhwala pa nthawi yake, zonsezi zimachitika pakati pa maola amenewa ndi anthu amene dzuwa likamalowa amakhala atachoka. Dera limakhala chete usiku chifukwa, mwa zina, ambiri mwa anthu amene amalisamalira sagonamo. Ana awo amasewera kwina, wailesi zawo zimalira kwina, maliro awo amalira kwina.

Amalawi ali ndi mbiri yabwino pantchito zimenezi. Pa intaneti ndi pazikwangwani za m'masitolo mumapeza anthu odzitsatsa polemba kuti ndi Mmalawi, chifukwa mabwana ambiri amakhulupirira kuti Mmalawi ndi wofatsa, wolimbika ndi wosaba. Mbiri imeneyi imatsegula makomo, komanso ili ndi msampha wake: wofatsa ndi amene amapatsidwa ntchito ya anthu awiri pa malipiro a mmodzi. Lamulo lenilenilo lilipo. Kuyambira pa 1 Malichi 2022 antchito a m'nyumba adayamba kulandira malipiro otsikitsitsa ofanana ndi a wina aliyense, R23.19 pa ola, ndipo pa 1 Malichi 2025 ndalamayi idafika pa R28.79. Mu Novembala 2020 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidagamula kuti wantchito wa m'nyumba akavulala kapena kufera pantchito ayenera kupepesedwa ngati wantchito wina aliyense. Bwana ayeneranso kumulembetsa ku UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikatha. Vuto ndi mapepala. Azimbabwe ndi anthu a ku Lesotho adakhalapo ndi zilolezo zapadera zowalola kugwira ntchito, koma Amalawi sadapatsidweko zotere. Munthu amene masiku ake a papasipoti adatha amaopa kukadandaula kuofesi ya boma, ngakhale kuti malamulo a ntchito amamutetezabe.

Nanga wofuna kukhala m'deramo, osati kungogwiramo ntchito? Apa mpamene ndalama zimayamba kulankhula. Mwini nyumba amalipira msonkho wa malo kukhonsolo ya mzinda mwezi ndi mwezi, ndipo msonkhowo umawerengedwa potengera mtengo wa nyumba. Pakapita zaka zingapo khonsolo imayesanso mitengo ya nyumba zonse. Mitengo ikakwera, msonkho umakwera nawo, ngakhale mwini wake sadagulitse kanthu ndipo penshoni yake ili pomwepo. Ichi ndi chodandaula chachikulu cha agogo amene adagula nyumba zawo kalekale zili zotchipa: papepala ndi olemera, m'thumba mulibe. Khonsolo ili ndi dongosolo lochotserako okalamba opeza zochepa, komabe ambiri amathera pogulitsa nkulowa m'nyumba zosungirako okalamba, zimene m'chigwachi zilimo zambiri.

Ogula akuchokera kuti? Ambiri ndi anthu a ku Johannesburg, Pretoria ndi Durban amene atopa ndi maenje a mumsewu, mipopi youma ndi makhonsolo osagwira ntchito. Mliri wa Covid-19 udaonetsa anthu kuti wogwira ntchito pakompyuta sayenera kukhala pafupi ndi ofesi, ndipo madera akutali ndi tauni ngati Fish Hoek, Noordhoek ndi Kommetjie, amene kale ankaoneka ngati kumudzi, adasanduka osiririka. Nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, makamaka mu 2023, Cape Town inkatha kupeputsirako makasitomala ake pogwiritsa ntchito malo ake opangira magetsi a Steenbras, ndipo ichinso chidakopa anthu. Onjezanipo alendo a ku Ulaya obwera ndi mayuro ndi mapaundi kuthawa chisanu cha kwawo. Mphunzitsi kapena namwino wa pachipatala cha False Bay, chimene chili mu Fish Hoek momwemo, akupikisana ndi anthu amenewa pofuna nyumba.

Wochita lendi ali ndi chitetezo chimene ambiri sachidziwa. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati ndalama ya chikole imene mumapereka polowa iyenera kusungidwa kubanki pamalo pobereka chiwongoladzanja, ndipo landilodi ndi wolowa ayenera kuyendera nyumba limodzi polowa ndi potuluka. Mkangano ukabuka pali bwalo la Rental Housing Tribunal limene sililipiritsa. Lamulo lina la 1998 limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, choncho landilodi wosintha maloko kapena wodula madzi akuphwanya lamulo. Koma kuti mufike potetezedwa ndi zimenezi muyambe mwalandiridwa. Makampani obwereketsa nyumba amafuna chitupa kapena chilolezo chokhalira m'dziko, mapepala a malipiro, sitetimenti ya kubanki ndi mbiri ya ngongole. Palibe chikwangwani choletsa munthu, koma sefa imeneyi imagwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi zikwangwani.

Chaka cha m'dera lotere chili ndi nkhope ziwiri. Kuyambira pakati pa Disembala, omanga akatseka ntchito ndi sukulu zikatsekera, mpaka sabata yoyamba ya Januwale, bata limathawa. Madzi a False Bay, mbali ya nyanja imene kuli Fish Hoek, ndi ofundirako kusiyana ndi a mbali ya Camps Bay ndi Clifton, amene amazizira mpaka kupweteka mafupa, ndipo gombe la Fish Hoek lili ndi mafunde ofatsa komanso lili pafupi ndi siteshoni. Pa 26 Disembala ndi pa 1 ndi 2 Januwale mabanja a ku Cape Flats, kumene boma la tsankho lidasamutsira anthu akuda ndi makaladi, amabwera ndi mapoto, maambulera ndi ana ambirimbiri. Khonsolo imaika antchito omanga ana tizibangili ta nambala nkulemba za makolo awo kuti wosochera apezeke, ndipo apolisi a mzinda amalanda mowa, chifukwa kumwa pagombe nkoletsedwa. Eni dera ena amatseka mageti nkudikira kuti zithe. Ena amadandaula za zinyalala ndi phokoso, ndipo pali madandaulo oona, koma aliyense wodziwa kuti gombeli lidatsekedwa kwa anthu omwewa mpaka 1989 amamva mawu ena pansi pa madandaulowo.

Masiku amenewa ngakhale kutuluka m'chigwa ndi ntchito. Njira nzochepa: Main Road yopapatiza yotsata gombe kudzera ku Kalk Bay, Boyes Drive yodutsa pamwamba pake, Ou Kaapse Weg yokwera phiri, ndi Chapman's Peak Drive yolipiritsa imene imatsekedwa kukakhala ngozi ya miyala yogwa. Ngozi imodzi pa Ou Kaapse Weg imaimitsa chigwa chonse. Mabasi a khonsolo a MyCiTi safika kuno. Sitima idafooka kwambiri zaka za kuba mawaya ndi kutenthedwa kwa mabogi, ndipo ngakhale idabwereranso ndi masitima atsopano abuluu, chigawo cha pakati pa Fish Hoek ndi Simon's Town chimatsekedwatsekedwa mchenga ukakwirira njanji.

Mchengawo umabwera ndi mphepo, ndipo za mphepoyi otsatsa nyumba salankhula zambiri. Nyengo yotentha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, kumaomba mphepo yochokera kummwera chakummawa imene amaitcha Cape Doctor. Wa ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay angaizindikire: ndi mwera, kungoti wa kuno amabwera nthawi yotentha ndipo amatha kuomba masiku angapo osapuma, usana ndi usiku. Chigwa cha Fish Hoek chidatseguka mbali zonse ziwiri, kuchokera ku False Bay mpaka ku Noordhoek, ndiye mphepo imadutsamo mosaletsedwa. Mchenga umalowa m'mawindo, m'makutu ndi m'mbale. Mpweya wamchere umadya chitsulo chilichonse: mageti, mahinjesi a zitseko, njinga, pansi pa galimoto, mawaya a makina ochapira. Nyumba ya pafupi ndi nyanja imafuna penti pafupipafupi, ndipo pamenepanso mpamene ganyu amapezeka. Wogula wochenjera amafunsa kaye ngati nyumbayo ili pobisika ku mphepo asanafunse za maonekedwe a nyanja.

Mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, zimene zimasokoneza wobwera kumene kuchokera kwathu. Kuzizira ndi kunyowa zimabwera pamodzi. Nyumba zambiri zilibe zotenthetsera, makoma amatuluka chuku, zovala siziuma, ndipo nyumba zimene phiri limaziphimba dzuwa zimakhala mumthunzi kuyambira masana. Alendo amachoka, malesitilanti amachepetsa antchito, maganyu a m'minda ya maluwa amasowa chifukwa palibe wofuna kulipira munthu tsiku la mvula. Kwa mwini nyumba iyi ndi nyengo yokoma, gombe limakhala lake ndi galu wake, ndipo anamgumi amafika m'gombemo mpaka kuonekera pa Jager's Walk, kanjira ka konkire kotsata miyala. Kwa wolipidwa patsiku iyi ndi miyezi imene kumudzi amadabwa kuti bwanji ndalama sizikubwera.

Chilimwe chouma ndi mphepo yamphamvu zimabala moto wolusa. Zitsamba za m'mapiri a kuno, zotchedwa fynbos, zimafuna kupsa pakapita zaka kuti mbewu zake zimere, ndiye funso silikhala lakuti kodi phiri lidzapsa, koma liti. Mu Malichi 2015 moto udayamba pamwamba pa Muizenberg nkuyenda masiku angapo mpaka ku Noordhoek, Hout Bay ndi Tokai. Mu Disembala 2023 wina udazinga Simon's Town, anthu nkusamutsidwa usiku. Nyumba zodula kwambiri, zapamwamba zoona nyanja yonse, ndi zomwe zili pafupi ndi moto.

Madzi nawo adaphunzitsa anthu. Mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana, madamu akuluakulu monga Theewaterskloof adatsala pang'ono kuuma, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 patsiku. Mzinda unkawerengera tsiku lotseka mipopi, lotchedwa Day Zero, limene mwamwayi silidafike. Anthu a m'mayadi adaphunzira kusamba ataima m'beseni kuti madziwo akathire m'chimbudzi, chinthu chimene antchito awo a ku Masi, otunga pampopi wa anthu onse, sadachione chachilendo. Amene anali ndi ndalama adakumba zitsime ndi kugula mathanki, monga momwe pambuyo pake adagulira masola. Umu ndi momwe dera lolemera limathanirana ndi vuto la onse: nyumba iliyonse imadzigulira njira yotulukiramo.

Za nyama tingodutsa mwachangu, ngakhale eni dera atha kukamba usiku wonse. Shaki wamkulu woyera adapha osambira pa Fish Hoek mu 2004 ndi mu 2010, nkuvulaza wina mu 2011. Bungwe la Shark Spotters, limene lidayamba mu 2004, limaika alonda paphiri ndi zoonera patali. Mbendera yobiriwira imatanthauza kuti madzi akuoneka bwino ndipo mulibe shaki, yakuda kuti sakuoneka bwino, yofiira kuti chenjerani kwambiri, yoyera pamodzi ndi sairini kuti tulukani. Kuyambira mu 2013 amatchinganso mbali ina ya gombe ndi ukonde umene amauika m'mawa nkuuchotsa madzulo kuti usaphe nyama. Chodabwitsa nchakuti cha m'ma 2017 ashaki oyerawo adayamba kusowa mu False Bay, ndipo akatswiri amatsutsanabe ngati chifukwa chake ndi anamgumi olusa a mtundu wa orca kapena usodzi. Anyani amavuta kwambiri ku Simon's Town ndi ku Kommetjie, kumene amatsegula mawindo ndi mafiriji, ndipo anthu adagawanika koopsa pakati pa ofuna kuwateteza ndi ofuna kuti achotsedwe. Mu Ogasiti mumaona anthu ndi matochi usiku wamvula akuolotsa achule osowa a mtundu wa western leopard toad pamsewu. Mlendo wochokera kwathu amayamba waseka, kenako amazolowera.

Chitetezo ndi gawo lina la bilu ya bata. Mpanda wamagetsi, alamu, kampani ya alonda a mfuti yolipidwa pamwezi, makamera owerenga manambala a galimoto, magulu a anthu odzipereka oyendera misewu usiku, ndi gulu la WhatsApp la msewu uliwonse. Umbava ulipo, makamaka kuthyola nyumba ndi galimoto, koma kuphana kochuluka kumene kumaipitsa mbiri ya Cape Town kumachitika ku Nyanga, Delft, Mfuleni ndi madera ena osauka. Ku Ocean View, mtunda wochepa kuchokera pagombe, mfuti za magulu achiwembu zimalira, ndipo anthu a ku Masi akhala akupempha polisi yawoyawo kwa zaka zambiri. Magulu a WhatsApp aja amathandiza kupeza galu wosochera ndi kuchenjezana za moto, komanso ndi momwe chithunzi cha mwamuna wakuda wonyamula chikwama chimazungulira ndi funso lakuti kodi ameneyu akufuna chiyani mumsewu mwathu. Nthawi zambiri amakhala akufuna nyumba imene waitanidwa kukadula udzu. Nchifukwa chake ambiri amakonda kuvala ovolosi yawo kuchokera kunyumba.

Pali Amalawi ena amene amagona m'deramo, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya bwana kapena ngati osamalira nkhalamba usiku. Anzawo a ku Masi amawasirira: salipira teksi, saopa moto, madzi otentha ali pompo. Koma funsani amene adakhalamo. Simungaitane abale Lamlungu kuti mudye nsima muli khumi pakhonde. Simungayatse wailesi momasuka, simungatenthe zinyalala pabwalo, mwana sangasewere mumsewu chifukwa mulibe ana anzake. Woyandikana naye amakupatsani moni wa dzanja ali m'galimoto, ndipo mutha kukhala zaka osadziwa kuti kuseri kwa mpanda kudachitika maliro. Ndiponso wokhala pantchito salekeza ntchito: belu likhoza kulira 10 koloko usiku. Ambiri Loweruka likafika amathamangira ku Masi kapena ku Capricorn kukapemphera m'Chichewa kapena m'Chiyao, kukagula usipa ndi ufa woyera wobwera pabasi, kukasonkha za chipereganyu ndi za thumba lotumizira maliro kumudzi. Kusungulumwaku sikusankha khungu. Agogo ambiri achizungu a m'nyumba zazikuluzo ana awo ali ku London, ku Perth kapena ku Auckland, ndipo munthu amene amalankhula naye tsiku lonse ndi wantchito wawo wa ku Mangochi kapena ku Mzimba.

Mkangano umene ukukula tsopano uli pa tizipinda takuseri tomweti. Mu 2019 khonsolo ya Cape Town idasintha malamulo ake a kagwiritsidwe ntchito ka malo. Idalola kuti papuloti ya banja limodzi pakhale nyumba mpaka zitatu, pofuna kuti anthu ambiri akhale m'madera amene muli kale mipopi, misewu ndi sukulu. Nthawi yomweyo idalolanso kubwereketsa nyumba kapena fulati kwa alendo a masiku ochepa, osapitirira 30 kwa mlendo mmodzi. Mabungwe a eni nyumba amaopa kuchulukana: galimoto zambiri pa misewu yochepa ija, mapaipi a zonyansa akale, nyumba zosanja zotchinga nyanja. Omenyera ufulu wa malo okhala amayankha kuti mawu akuti tisunge chikhalidwe cha dera lathu akhala akugwiritsidwa ntchito kutsekera osauka kunja kuyambira kale, ndipo amaloza ku Masi kumene malo owonjezera akhala akukambidwa zaka ndi zaka, uku dambo lotetezedwa, uku oyandikana nawo okana.

Mwini nyumba amene wamanga kafulati kuseri amakhala pansi ndi kakyuleta. Akaika pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lobwereketsera alendo nyumba, masabata ochepa a Disembala ndi Januwale atha kumupatsa ndalama zimene wa lendi angapereke pa miyezi ingapo, ndipo mlendo amachoka yekha popanda za kukhoti. Akapatsa namwino, mphunzitsi kapena banja la wantchito wake, ndalama nzochepa koma nzokhazikika, ngakhale mwezi wa Julaye pamene alendo kulibe. Ambiri amasakaniza: lendi ya miyezi yozizira yokha, ndi pangano lakuti pofika Disembala mukhale mutatuluka. Boma la dziko lakhala likukamba zoika malire pa kubwereketsa kwa masiku ochepa, monga adachitira mizinda ina ya ku Ulaya, ndipo eni nyumba za alendo akuti kuteroko kupha ntchito za oyeretsa ndi ochapa, amene ambiri mwa iwo ndi anthu omwewo osowa pokhala pafupi ndi ntchito.